Njala ya Nangozo Pakamwa pa Nasoko

Tasenderani pafupi, nkhaniyi siyofuula. Kuli dziko lina kuseri kwa mapiri kumene mabasi safika, dzina lake Tilibwino. Musandifunse kuti lili mbali iti. Mukamva khalidwe la anthu ake mungoti, "Aa, koma awa ndi achibale athu."

Anthu a ku Tilibwino ali ndi nthenda imodzi yaikulu: ulemu. Munthu wa kumeneko ukam'peza atagwera m'chitsime, madzi ali m'khosi, n'kumufunsa kuti muli bwanji m'menemo, amayamba wakonza kolala kenako n'kuyankha kuti, "Tili bwino, kaya inu kumtundako?" Kunena kuti ndili ndi njala ndiye eee, n'chimodzimodzi kuvula pakati pa msika. Mwana akamaphunzira kuyankhula, mawu ake oyamba si "amama" ayi, ndi "ndakhuta." Mlendo akam'patsa chakudya amakana katatu, ndipo mwini nyumba akalekera pomwepo osakakamiza kachinayi, mlendoyo amachoka m'mimba muli pululu, akuthokoza mpaka kumsewu. Ife timatero. Pepani, ndimati iwo.

Tsono chaka china kunabuka nkhondo. Chifukwa chake mukachimva museka, koma amene anaikidwa m'manda sanaseke. Mfumu Nkhutukumve Wachiwiri inapita ku ukwati m'dziko loyandikana nalo la Sitigonja, ndipo akuti inapatsidwa mpando wofupikirapo zala ziwiri poyerekeza ndi wa mfumu inzake. Zala ziwiri! Pobwerako inaitana asilikali. Mafumu awiriwo sanalasidwe ngakhale ndi minga, koma midzi ya m'malire inapsa, nkhokwe zinapsa, chimanga chinapsera m'munda. Amuna anatengedwa kukanyamula zipolopolo. Amayi, ana ndi nkhalamba anathawira m'tauni ya Pirirani n'kumagona m'mashedi a msika, pa mabenchi amene kale ankayalapo tomato.

Mmodzi mwa iwo anali Nangozo, mayi wa mandasi, wamtali, woyenda ngati wasenza mtsuko ngakhale pamutu palibe kanthu. Mwamuna wake anali ku nkhondo, zii osamveka. Anatsala ndi mwana mmodzi, Mwandida, wa zaka ziwiri. Ndiye tamvani tsoka lake: shedi imene anapeza inali yogundana ndi ya Nasoko.

Nasoko ameneyu ankagulitsa zitumbuwa moyang'anizana naye kumudzi kuja. Wamfupi, mawu ngati wailesi ya mabatire atsopano. Awiriwa anali atatha zaka zitatu osalonjerana, chiyambire tsiku limene Nasoko anauza anthu pachigayo kuti mafuta okazingira mandasi a Nangozo ndi akale kuposa ukwati wake. Tsopano pakati pawo panali chiguduli chimodzi chopachika pachingwe. Ukayetsemula uku, uko amva.

Choncho Nangozo anali ndi ntchito ziwiri: kufuna chakudya, ndi kubisa kuti palibe. Yachiwiriyo ndiyo inkam'topetsa kwambiri. Masana alionse ankatulutsa mbale zake zitatu, zoyera kale mbee, n'kuzitsuka pabwalo mosokosa kuti zimveke. Akatero ankapaka timafuta todzola pamilomo, n'kumayendayenda ndi kachitsotso akutokosa m'mano ngati munthu amene nyama yam'vutitsa. Musam'seke yekha, msika wonse unkachita zomwezo. Nthawi ya nkhomaliro pa Pirirani, phokoso la mbale zosadyera linkamveka mpaka kumsewu waukulu, moti wodutsa akanalumbira kuti kuli chinkhoswe.

Koma thupi la mwana silidziwa ulemu. Tsitsi la Mwandida linayamba kufiira ngati ndevu za chimanga. Timapazi tinatupa, ukadina ndi chala kadzenje kake osabwerera msanga. Nangozo anam'veka kachipewa ndi masokosi, dzuwa likuswa mtengo. Wina akafunsa ankangoti, "Ndi fasho ya masiku ano."

Kenako kunabwera malole. Asanu, aataliatali, odzaza matumba a ufa wa phala, nyemba ndi mabulangete, ochokera ku bungwe lachifundo la Dzanja Lofewa, la kutsidya kwa nyanja yamchere. Wotsogolera anali Mayi Petronela, wa magalasi, wamtima wabwino zedi, koma za Tilibwino sankazidziwa ngakhale pang'ono. Anayenda shedi ndi shedi akufunsa aliyense kuti muli bwanji, mwadya?

Atafika pa Nangozo, mtima wa Nangozo unkafuula kuti mayi inu tithandizeni. Koma chiguduli chija chinagwedezeka pang'ono, ndipo pansi pake panaoneka zala za kumapazi za Nasoko.

"Tili bwino, amayi, kaya inu?" anatero Nangozo atagwada. "Tangomaliza kumene. Mukanafulumira tikanadyera limodzi."

"Nanga mwanayu? Akuoneka wofooka."

"Ndi tulo. Akakhuta amatero."

Mayi Petronela anafunsa anthu mazana anayi tsiku limenelo. Onse anali bwino. Nkhalamba ina yosatha n'kuimirira komwe inam'pepesa kwambiri chifukwa chosam'phera nkhuku. Mayiyo anabwerera ku likulu, ku Mkhutakale, mutu utaima, n'kukaonekera kwa mfumu.

Mfumu inali pampando wake watsopano, wautali moti inkakwerapo ndi makwerero, miyendo ili lende. Nduna zinali ndondondo m'munsi mwake zitapendeka makosi.

"Mfumu, ine ndabalalika," anatero Mayi Petronela. "Maso anga aona ana otupa mapazi. Makutu anga amva kuti aliyense wakhuta. Ndikhulupirire ziti?"

Mfumu inayang'ana a Chilandireni, Nduna Yoona za Kulandira Mphatso. Bambo amenewa manja awo anazolowera kutambasuka moti akazi awo amati ngakhale ali m'tulo zikhatho zimayang'ana kumwamba. Anadzikonza pakhosi.

"Mwini dziko! Njovu Yosafupika! Inu amene mukatsokomola mitambo imapepesa! Mlendoyu ndi wabwino, koma akufuna kutukwana anthu anu mosadziwa. Munthu wanena yekha kuti wakhuta, iwe n'kum'kakamiza thumba, si kumunena kuti ndi wabodza kumeneko? Ndikufunsa, anthu a ku Pirirani ndi abodza?"

"Ayi!" zinayankha nduna zonse, ndipo Nduna ya Kuomba M'manja inagwira ntchito yake mpaka zikhatho kufiira.

"Tsono kuti tisalakwire munthu, thumba lipite kwa yekhayo amene aime pagulu, pamaso pa mfumu, n'kunena ndi pakamwa pake kuti ali ndi njala."

Mayi Petronela anaona ngati n'zanzeru. Mayi womvetsa chisoni! Kwawo kumeneko akuti munthu akamva njala amangonena, opanda ndi manyazi omwe. Mfumu inadinda chidindo, ndipo linatchedwa Lamulo Lolemekeza Okhuta.

Mawa lake galimoto ya chimkuzamawu inazungulira msika wa Pirirani katatu ikulengeza kuti Lachisanu mfumu ibwera, ndipo wanjala aliyense adzadzinenere yekha. Anthu anamvetsera ali duu, zitsotso zili m'kamwa.

"Ndiye akuti tiyambe tavula kuti atipatse bulangete," anatero wosoka nsapato wina amene nkhondo inam'siya chifukwa cha mwendo wolumala.

"Ine njala ndilibe," inatero nkhalamba ya nkhuku ija. "Koma ndikanakhala nayo, bwenzi lero ili ya masiku anayi."

Nangozo sanaseke nawo. M'mawa umenewo Mwandida anali atakana ngakhale madzi. Ankangoyang'ana denga la shedi ndi maso aakulu ngati a munthu wamkulu amene akudikira basi. Nangozo anam'bereka n'kulowera kuseri kwa msika, kumene kuli chulu chachikulu, kuti akayeserere.

Anaima pamaso pa chulucho, n'kupinda manja. "Mfumu, ine ndili ndi nja…" Anayesanso. Ntchafu yake inachita kunyerenyetsa pamalo pomwe amake ankam'tsina ali mwana akangoyang'ana m'mbale ya eni. Kunabwera mbuzi, n'kuima, n'kumuyang'ana. Mukhulupirire musakhulupirire, Nangozo anaiuza mbuziyo kuti tili bwino.

Lachitatu anayeserera. Lachinayi anayeserera. Pofika madzulo a Lachinayi ankatha kunena mawu onse atatu, monong'ona, maso atatsinzina. Ankadziwa chimene chidzatsatire: Nasoko adzaitenga nkhaniyo, adzaithira mchere ndi tsabola, ndipo zidzukulu za zidzukulu zidzadziwa kuti Nangozo wa mandasi anapempha pagulu. Anagwira kaphazi ka mwana wake, kozizira mkati mwa sokosi.

"Anene zimene anene," anadziuza. "Mawa ndinena."

Lachisanu kunamangidwa matenti, koma a nduna okha. Mpando wa mfumu unabwera pa lole yakeyake pamodzi ndi makwerero. Amayi anavala nsalu za nkhope ya mfumu n'kuvina, ngakhale kavinidwe kake kanali kosunga mphamvu, chiuno chimodzi pa ng'oma zitatu. Zoyankhula zinayamba dzuwa lili pa phewa n'kutha litapendeka. Nduna ya Nkhondo inati adani atsala pang'ono kugonja, monga inanenera chaka chatha. Nduna ya Zaulimi inathokoza moto chifukwa chopha anankafumbwe onse a m'malire. Matumba anali phee m'malole, akumva nawo.

Pomaliza a Chilandireni anaimirira. "Amene ali ndi njala abwere kutsogolo!"

Zii. Anthu zikwi ziwiri anayang'ana zala zawo za kumapazi. Wina anatsokomola, n'kupepesa.

"Poti palibe," anatero a Chilandireni ndi nkhope yachisoni, "ine ndidzipereka nsembe chifukwa cha dziko langa, kuti alendo asabwerere ndi katundu. Mfumu, ndili ndi njala."

Pomwe ankawerama, batani la malaya awo linathothoka pamimba n'kukagunda ng'oma, mpaka woimba anavomera. Anapatsidwa matumba. Kenako Nduna ya Nkhondo inamva njala. Nduna ya Kuomba M'manja inamva njala, pamodzi ndi akazi ake awiri ndi alamu ake. Lole yoyamba inatha. Yachiwiri inatha. Mayi Petronela ankavula magalasi, kupukuta, kuvalanso, ngati vuto lili m'magalasimo. Yachitatu itayamba kuoneka pansi, Nangozo anaimirira.

Bwalo lija ndi lalifupi, koma iye analiona ngati ulendo wa masiku awiri. Anamva maso onse akum'boola kumsana kumene kunali Mwandida. Ndili ndi njala, ndili ndi njala, ankabwereza mumtima phazi lililonse. Anafika pansi pa mpando, n'kugwada.

Mfumu inasuzumira pansi. Ndipo poti nayo inaleredwa ku Tilibwino, inayamba ndi malonje.

"Mayi, muli bwanji?"

"Tili bwino, mfumu, kaya inu?"

Anazimva yekha zikutuluka, ngati wanena ndi munthu wina. Anafuna kuzigwira ndi manja kuti azibweze, koma zinali zitapita.

"Ifenso tili bwino. Mwadya?"

Ananyambita milomo yake yopaka mafuta ija. Misozi inatsika mbali zonse ziwiri.

"Tadya, mfumu."

"Mwadzimvera nokha," anatero a Chilandireni mokoma. "Mayiyu wangobwera kudzathokoza. Muombereni m'manja!"

Nangozo anadzuka. Mutu wa Mwandida unagwera kumbali ngati dzungu lanthete. Anali atatembenuka kale kuti azibwerera, pamene mawu ena anang'amba bwalo lonse popanda chimkuzamawu.

"Bodza!"

Anali Nasoko, ataima pa benchi la tomato kuti aoneke, manja m'chiuno.

"Bodza lenileni! Wadya chiyani ameneyo? Ine ndimagona naye chiguduli chimodzi! Mbale amatsukazo ngakhale ntchentche zinaleka kuterapo! Pamilomopo ndi mafuta odzola, a m'kabotolo kobiriwira! Lolemba anawiritsa makoko a nthochi, Lachiwiri anawiritsanso omwewo! Tam'vulani mwanayo masokosi muone ngati ndikunama!"

"Hiii!" linatero bwalo lonse.

Nangozo anamva ngati nsalu yam'vuka. Manyazi anakwera kuchokera kumapazi, koma atafika pachifuwa anasanduka chinthu china. Anaiwala mfumu, anaiwala matenti.

"Iwe Nasoko! Iweyo ukunena ine? Iwe amene wakulunga nsanza m'chiuno kuti tiziti mbina ikadalipo? Ukuganiza kuti sindimakuona ukuzimanga m'mawa? Apongozi ako akhala akuyamwa mwala wa mchere sabata yonse, iwe n'kumauza anthu kuti akusala kudya chifukwa cha mapemphero!"

"Mfumu, izi n'zosemphana ndi lamulo!" anakuwa a Chilandireni. "Lamulo likuti ndi pakamwa pake mwini…"

"Takhalani chete, a Chilandireni!" Mfumu inali itaweramira kutsogolo mpaka mpando kupendekeka, asilikali anayi akuuchirikiza. Maso ake anali kuwala ngati a mwana woona maswiti. "Mayi wamfupi inu, makoko a nthochiwo anathiramo mchere?"

"Akanautenga kuti, mfumu? Mchere wonse wa m'shedi mwathu uli m'kamwa mwa apongozi anga!"

Apa ndiye pali chinsinsi, anzanga. Ulemu wa ku Tilibwino umatseka pakamwa pa zako zokha. Pa za mnzako umatsekula mpaka kumakutu. Ndipo mfumu ija inali itatha zaka khumi ndi ziwiri ikungomva za mitambo yopepesa, osalawako nkhani yeniyeni ya munthu ngakhale imodzi. Inali ndi njala yakeyake.

"Onse awiriwa apatseni matumba," inalamula. "Alipo wina amene akudziwa za mnzake?"

Mayo ine! Manja zikwi ziwiri anakwera nthawi imodzi. Anthu amene ankalephera kuimirira anaimirira. "Awa anaphika mizu ya gwafa n'kumati ndi mankhwala a msana!" Thumba. "Awa dzulo anakomoka pamjigo, atadzuka akuti amapemphera!" Thumba. "Abusa athuwa anadya kandulo!" Thumba, ndi bulangete pamwamba. Wonenedwa aliyense ankapsa mtima n'kubwezera womunenayo, choncho palibe anatsala. Zinsinsi zimene zinasungidwa miyezi isanu ndi umodzi zinatha m'maola awiri.

Mayi Petronela sanadikirenso chidindo. Anali atavula kale masokosi a Mwandida, ndipo atangoona anaitana namwino wa bungwe lawo mofuula. Kenako anakwera yekha pa lole, siketi ndi magalasi zomwe, n'kumatsitsa matumba asanamve n'komwe mapeto a nkhani.

Chakumapeto mkazi wa dalaivala wina anakweza dzanja. "Mfumu, ine ndikudziwa za a Chilandireni. Pobwera kuno adya nkhuku yathunthu m'galimoto. Mafupa ali pansi pa mpando, ndipo amuna anga sanawagawireko ngakhale khosi."

Mfumu inaseka mpaka anachita kuitsitsa pa makwerero ngati katundu.

Musaganize kuti nkhaniyi ndi ya kutchalitchi, ayi. Malole atatu aja anapita ndithu, ndipo sabata yotsatira ufa wa Dzanja Lofewa unkapezeka m'magolosale a alamu a nduna. Mfumu inakhazikitsa Unduna wa Miseche n'kuupereka kwa mphwawo wa a Chilandireni, amene analamula kuti aliyense wofuna kunena mnzake ayambe watenga chilolezo. Nkhondo nayo inapitirira, chifukwa kalipentala wa ku Sitigonja anali atatalikitsa miyendo ya mpando wa mfumu yawo.

Koma tibwerere m'shedi muja, dzuwa la Lachisanu lomwelo lisanalowe. Namwino anali atam'patsa Mwandida mankhwala n'kumuuza Nangozo kuti am'patse phala lamadzimadzi, pang'onopang'ono, ndipo abwere nayenso m'mawa. Nangozo anakhala pansi, mwana pamiyendo, kapu m'dzanja. Anam'patsa supuni yoyamba, mwana anatembenuzira nkhope kumbali. Anayesa yachiwiri, chimodzimodzi. Mbali inayo kunkamveka Nasoko akumasula thumba lake, akupumira m'mwamba.

"Mwandivula pamaso pa dziko lonse, a Nasoko," anatero Nangozo osatembenuka. Anali mawu ake oyamba aulemu kwa mayiyo m'zaka zitatu.

"Nanga inu mwandisiyira chiyani? Nsanza zanga akuzidziwa mpaka mfumu."

"Sindidzakukhululukirani."

"Wapempha ndani? Tauzirani phalalo, make Mwandida. Mukumuwotcha mwana, n'chifukwa chake akukana."

"Musandiphunzitse kulera."

Nasoko anakhala chete, chinthu chimene msika wonse unali usanachimvepo. Mwana wake wamwamuna, Sekerani, anali ataikidwa mwezi wathawo kuseri kwa msika komweko, ndipo aliyense anapita kumaliroko, Nangozo yemwe, onse akupukusa mitu kuti malungo a chaka chino ndi oipa.

"Sekerani wanga uja," anatero Nasoko, mawu atatsika, "ndinkauza anthu kuti ndi malungo. Nonse munkaona. Palibe ananditsutsa."

Nangozo anakweza supuni ija, anauzira, anauziranso, n'kuiyesa pamlomo pake. Kenako anaifikitsa kwa mwana, ndipo Mwandida anatsekula pakamwa.